Mafunso a Owerenga: Paprika ndi Kagwiritsidwe Kake Ntchito Pophika

Makalata ambiri amene afika patsamba lino mwezi uno akufunsa za paprika, ufa wofiira umene umapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse kuno ku Johannesburg, koma umene ambiri a ife sitinakule tikuuona m'khitchini za amayi athu kumudzi. Ndasankha makalata amene mayankho ake angathandize anthu ochuluka, ndipo ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Azakhali, bambo a kunyumba kuno amakonda ndiwo za tsabola kwambiri, choncho ndinagula paketi ya paprika poona kufiira kwake. Ndinathira masupuni awiri m'mafuta otentha pokazinga nkhuku, koma ukali wa tsabola sunamveke n'komwe, msuzi unada, ndipo unkawawa moipa mpaka ana anakana kudya. Kodi anandigulitsa wabodza? (Mayi wa ana atatu, Rosettenville)

YANKHO: Mayi, sindikukhulupirira kuti anakunamizani. Mumphika wanu munachitika zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse ziwiri zili ndi chifukwa chake.

Choyamba ndi chakuti munayembekezera kwa paprika ntchito imene si yake. Iye ndi tsabola ndithu, wa mtundu umene akatswiri a zomera amautcha Capsicum annuum, womwenso mumachokera girinipepa amene timadulira mundiwo. Alimi amamusiya kuti akhwime mpaka afiire bwino, amamuumitsa, kenako amamupera kukhala ufa. Ukali wa tsabola aliyense umachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene amachuluka m'timitsempha toyera ta mkati momwe mumamatirira njere, ndipo mitundu imene imalimidwa kuti ipange paprika wamba imakhala ndi mankhwala amenewa ochepa zedi. Pa muyeso wa ukali umene Wilbur Scoville anayambitsa mu 1912, paprika wamba amangofika mazana ochepa, pamene tsabola waukali wotchedwa cayenne amakhala pakati pa 30,000 ndi 50,000, ndipo piripiri amapitirira 50,000. Ndiye ngakhale mutathira paketi yonse, bambowo sangamve chimene amamva akadya kambuzi kapena Nali. Ntchito ya paprika ndi kufiiritsa msuzi, kuupatsa fungo labwino ndi kakutsekemera kapatali, ndiponso kuukhwimitsa pang'ono. Ukali muziupeza kwa tsabola amene munazolowera, ndipo ubwino wa zimenezi ndi wakuti mungathe kuphika mphika umodzi wa banja lonse, ana n'kudya mosavutika, bambo n'kudziwonjezera okha tsabola m'mbale mwawo.

Chachiwiri ndi chimene chinawononga nkhukuyo. Paprika ali ndi shuga wachilengedwe, ndipo popeza ndi ufa wosalala, akagwera m'mafuta otentha kwambiri amapserera m'kanthawi kochepa, monga mmene mtedza umachitira pachiwaya munthu akangotembenukira kumbali. Akapserera amada, amawawa, ndipo palibe chimene mungathire kuti kuwawako kuchoke. Komabe si bwinonso kumuthira m'madzi okhaokha kumapeto, chifukwa mtundu wake wofiira ndi gawo lalikulu la fungo lake zimasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Amafuna mafuta, koma mafuta ofunda osati olilima.

Ophika a ku Hungary, kumene paprika ndi maziko a zakudya zotchuka monga gulyás ndi nkhuku ya paprikás, anapeza njira yake kalekale, ndipo ndi imene ndikukulimbikitsani kutsatira. Pa nkhuku imodzi, kazingani kaye nthuli zanu m'masupuni aakulu atatu a mafuta mpaka zifiirire, kenako zichotseni. M'mafuta omwewo kazingani anyezi awiri odula tizidutswa ting'onoting'ono, pa moto wochepa, mpaka afewe kwambiri, ndipo musathamange pamenepa chifukwa anyezi ndi amene adzapange msuzi. Tsopano phulani poto, dikirani kuti mafuta asiye kuthetheka, thirani supuni yaikulu imodzi kapena imodzi ndi theka ya paprika, ndi kutakasa kwa theka la mphindi mpaka mafuta onse afiire. Nthawi yomweyo thirani tomato wodula kapena theka la kapu ya madzi, bwezerani nyama, thirani mchere ndi adyo, vundikirani, ndipo muphike pang'onopang'ono mpaka nkhuku ifewe. Ndikutsindika mawu akuti phulani chifukwa ambiri a ife m'zipinda za lendi timaphikira pa sitovu yamagetsi ya mapuleti awiri, ndipo puleti yotere imakhalabe yotentha kwa nthawi yaitali mukaizimitsa, kotero kuti kungotembenuza batani sikukwanira ayi.

FUNSO: Azakhali, ndimagwira ntchito yophika pakhomo pena ku Randburg. Abwana anandipatsa pepala la kaphikidwe lolembedwa kuti smoked paprika, ine ndinagwiritsa ntchito paprika amene anali m'kabati, ndipo iwo anati chakudyacho sichinamveke mmene amachidziwira. Kodi pali kusiyana kotani? (Bambo wochokera ku Nkhata Bay)

YANKHO: Achimwene, kusiyana kulipo ndipo n'kwakukulu, moti munthu amene ntchito yake ndi yophika ayenera kukudziwa bwino. M'masitolo akuno monga Checkers, Pick n Pay ndi Shoprite, paketi yolembedwa paprika popanda mawu ena imakhala ya wamba, wosawawa, wofunika makamaka chifukwa cha mtundu. Yolembedwa hot paprika imakhala ndi ukali woonekera, ngakhale sufika pa cayenne. Yolembedwa smoked paprika ndi ya tsabola amene anaumitsidwa ndi utsi, ndipo wotchuka kwambiri amachokera kudera la La Vera, m'chigawo cha Extremadura ku Spain, kumene amayanika tsabolayo pamwamba pa moto wa nkhuni za mitengo ya oak kwa masabata pafupifupi awiri, akumutembenuza, asanamupere. Pachitini cha wotere mudzaona mawu akuti pimentón, ndipo pambali pake dulce ngati ndi wosawawa, agridulce ngati ukali wake ndi wapakatikati, kapena picante ngati ndi waukali. Paprika wa ku Spain ndi amenenso amapatsa soseji ya chorizo mtundu ndi fungo lake.

Wa utsiyu ndi wamphamvu, choncho pamene mukanathira supuni yaikulu ya wamba, yambani ndi theka la supuni yaing'ono, mulawe, kenako muwonjezere ngati pakufunika. Ine ndimamuona wothandiza kwambiri pa nyemba, pa soya pisi ndi pa nyama yophikidwa mu uvuni, chifukwa amabweretsa fungo la pamoto wa nkhuni limene sitovu yamagetsi singathe kupereka. Pamene pepala lanena wa utsi, wamba sangalowe m'malo mwake, ndipo n'chimodzimodzinso pamene lanena wamba, chifukwa utsi ukachuluka umaphimba zokometsera zina zonse. Apempheni abwanawo kuti m'kabati muzikhala mitundu yonse iwiri, ndipo mulembe pabotolo lililonse kuti musasokoneze.

FUNSO: Azakhali, ndili mwana bambo anga ankalima paprika ku Dowa ndi kugulitsa m'matumba, koma sindikumbukira tsiku limene mayi anamuthira mundiwo. Tinkangouzidwa kuti ndi mbewu ya ndalama. Kodi ankapita kuti, ndipo kodi ameneyu ndi yemweyo ndikumugula kuno mokwera mtengo? (Mtsikana wa ku Cosmo City)

YANKHO: Mwana wanga, ndi yemweyo, ndipo kalata yako yandikhudza chifukwa ikunena zoona za mabanja ambiri a m'chigawo chapakati ndi kumpoto. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono a ku Malawi analimbikitsidwa kulima paprika kuti asamadalire fodya yekha, ndipo mabungwe a alimi monga NASFAM anamuika pakati pa mbewu zogulitsa. Mlimi wa fodya sankavutika kumuphunzira, popeza nayenso amayamba pa nazale ndi kuwokeredwa kumunda, ndipo mbewu ziwirizi ndi za banja limodzi pamodzi ndi tomato ndi mbatata ya kachewere. Ogula ankayang'ana kwambiri kufiira, ndiye chifukwa chake bambo ako ayenera kuti ankasankha magiredi mosamala ndi kupatula amene anali ndi mawanga. Wochuluka ankatumizidwa kunja, kumene wina ankaperedwa kukhala ufa, wina n'kukonzedwa m'mafakitale kuti atulutse mafuta ofiira amene makampani amakongoletsera masoseji, machipisi a m'mapaketi ndi misuzi ya m'mabotolo. Ukaona nambala ya E160c pa paketi ya chakudya, udziwe kuti ndi mafuta amenewo. Ena amawasakaniza ndi chakudya cha nkhuku zoikira kuti mazira azikhala ndi yolk, mbali yachikasu ya mkati ija, yowala bwino.

Mbewuyi si ya ku Ulaya ngakhale kuti mayiko a kumeneko ndi amene anatchuka nayo. Kwawo kwa tsabola ndi ku America, makamaka ku Mexico ndi madera oyandikana nawo, ndipo anafika ku Spain pambuyo pa ulendo wa Christopher Columbus wa mu 1492. Ku Hungary anafika m'nthawi ya ulamuliro wa anthu a ku Turkey, ndipo lero mizinda ya Szeged ndi Kalocsa ndi imene imadziwika ndi ulimi wake. Poyamba paprika wa kumeneko anali waukali, moti ofuna wosawawa ankachita kuchotsa njere ndi timitsempha pamanja asanapere, mpaka m'zaka za m'ma 1900 pamene anapeza mitundu yosawawa mwachibadwa. Ndikunena zimenezi kuti uone kuti anthu a ku Hungary anamulandira ngati mlendo n'kumulowetsa m'miphika yawo, pamene ife tinamulima ndi thukuta lathu osamulawa. Maganizo anga ndi akuti imeneyi inali mbali imene alangizi akanayenera kuiphunzitsanso, chifukwa m'miyezi imene tomato amasowa ndi kukwera mtengo, ufa wa tsabola wa m'munda mwathu momwe ukanatha kufiiritsa ndiwo za mabanja ambiri.

FUNSO: Azakhali, kodi paprika amagwirizana ndi ndiwo zathu zachimalawi, kapena ndi wa zakudya zachizungu zokha? Ndimagula usipa ndi nyemba kumsika wa ku Yeoville ndipo ndikufuna kusinthako kaphikidwe. (Mayi wa ku Berea)

YANKHO: Mayi, amagwirizana ndi ndiwo zambiri, koma osati zonse, ndipo ndikuuzani mosabisa kumene ine ndimamuletsa.

Kumene amachita bwino koposa ndi pa nyemba. Ziphikeni kaye m'madzi mpaka zifewe, ndipo musadabwe zikamachedwa kupsa kuposa kwathu, chifukwa Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, kotero kuti madzi amawira asanafike pa madigiri 100, cha m'ma 94, ndipo kuzinyika usiku wonse kumathandiza kupulumutsa magetsi. Pambali kazingani anyezi, phulani, thirani supuni yaing'ono yodzaza ya paprika, kenako tomato, ndipo tomatoyo akapsa sakanizani ndi nyembazo ziwire limodzi kwa mphindi 15. Msuzi umatuluka wofiira ndi wogwirana, woyenera nsima kapena mpunga wa Kilombero. Njira yomweyo imagwira pa nyama ya ng'ombe, ya mbuzi, zam'kati, mapazi a nkhuku ndi soya pisi, amene payekha amakhala wotuwa ndi wopanda fungo lokopa. Chakalaka chimene taphunzira kwa anzathu a kuno nachonso chimamulandira bwino pamodzi ndi ufa wa curry.

Pa usipa ndi matemba chepetsani dzanja, theka la supuni yaing'ono likwanira, chifukwa nsomba zouma zili kale ndi fungo lake lamphamvu ndipo chimene mukufuna ndi mtundu chabe. Pa nsomba yowamba musathire wa utsi, popeza utsi ulimo kale. Chambo kapena nsomba ina yaiwisi mungathe kuipaka paprika wosakaniza ndi mchere, madzi a ndimu ndi mafuta pang'ono, koma ngati mukuikazinga m'mafuta ambiri, ndi bwino kusakaniza paprikayo mu ufa wopakira kuti asakhudzane ndi mafuta mwachindunji. Pa tchipisi ndi mbatata yokazinga, muwazeni mutaphula kale, zikadali zotentha.

Kumene ndimakana ndi pa masamba otendera ndi pa therere. Nkhwani, chisoso kapena bonongwe wotendera amakoma chifukwa cha nsinjiro ndi masamba enieniwo, ndipo paprika amangodetsa mtundu wake popanda kuwonjezera chilichonse chaphindu. Ndiwo zimenezo zisiyeni mmene agogo athu anatiphunzitsira.

FUNSO: Azakhali, timaotcha nyama Loweruka lililonse ndi anzanga, koma ndikapaka paprika kunja kumada mkati musanapse. Ndichite chiyani? (Mnyamata wa ku Mayfair)

YANKHO: Mwana wanga, vuto lako ndi lomwe lija la kupserera. Usamuwaze wouma pa nyama. Sakaniza masupuni aakulu awiri a paprika ndi masupuni anayi a mafuta, madzi a ndimu imodzi, adyo wosinja ndi mchere pa kilogalamu imodzi ya nyama, upake bwinobwino, ndi kuisiya mufiriji kwa maola angapo kapena usiku wonse. Dikira kuti malawi athe ndipo makala akhale ndi phulusa loyera pamwamba, kweza waya m'mwamba pang'ono, ndipo uzitembenuza pafupipafupi. Nkhuku ya mafupa iyambire m'mbali mwa mbaula momwe moto ndi wochepa, ndipo uisendeze pakati kumapeto kokha.

FUNSO: Azakhali, ndinagula paprika wopima pa sikelo chifukwa anali wotchipa, koma patatha miyezi iwiri ndinapezamo tizilombo ndipo anali atatuwa. Mnzanga akuti wina amathiridwa utoto. Kodi ndi zoona, ndipo ndingadziwe bwanji wabwino? Komanso amuna anga ali ndi BP, kodi angadye? (Mayi wa ku Turffontein)

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sakunama, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri. Popeza mtengo wa paprika umatsatira kufiira kwake, anthu achinyengo akhala akuyesa kufiiritsa wachabechabe ndi zinthu zoopsa. Mu 1994 ku Hungary anthu anagonekedwa m'zipatala atadya paprika wosakanizidwa ndi ufa wofiira wa mtovu, ndipo mu 2005 ku Britain zakudya mazanamazana zinachotsedwa m'masitolo chifukwa ufa wa tsabola umene unalowamo unali ndi utoto wa Sudan I, umene ndi wa m'mafakitale ndipo ndi woletsedwa m'chakudya. Vuto lina ndi chuku, chifukwa tsabola amene sanaume bwino angathe kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, yemwe uja timachenjezedwa naye pa mtedza ndi chimanga. Zinthu zimenezi simungazitsimikize ndi maso kunyumba, choncho chitetezo chanu ndi kugula paketi yomata, yosonyeza wopanga, zimene zili mkati ndi tsiku lothera ntchito, kapena kugula m'sitolo ya zokometsera yodziwika imene katundu wake amayenda msanga. Ku Fordsburg, mkati ndi mozungulira Oriental Plaza, kuli masitolo ambiri a zokometsera, ndipo mungathe kupempha kununkhiza musanagule. Wabwino amakhala wofiira mowala, wosaumbika zibuma, ndipo amanunkhira ngati tsabola wakupsa. Wotuwa kapena wa bulauni, wopanda fungo kapena wonunkha chinyezi, musiyeni ngakhale atatchipa bwanji.

Kutuwa kumene munaona kumabwera ndi kuwala, kutentha ndi mpweya. Ambiri timaika zokometsera pawindo kapena pamwamba pa sitovu kuti zikhale pafupi, koma amenewo ndi malo oipitsitsa. Muikeni m'botolo lotseka bwino, m'kabati yamdima kapena mufiriji, musamamuwaze kuchokera m'botolo pamwamba pa poto wotuluka nthunzi, ndipo muzitapa ndi supuni youma. Gulani wochepa woti athe m'miyezi isanu ndi umodzi. Tizilombo timene munapezato kawirikawiri ndi tija timaboola fodya wosungidwa, ndipo timakonda paprika kwambiri kuposa zokometsera zina zambiri. Amene wagwidwa kale mutayeni, pukutani kabati yonse ndi kuyang'ananso ufa ndi mpunga zimene zinali pafupi, ndipo watsopano mungathe kumuika mufiriza kwa masiku angapo musanamusunge.

Za a bambo, paprika weniweni sathiridwa mchere, choncho angadye, ndipo angakuthandizeni kuchepetsa mchere mundiwo popanda ndiwozo kuzizira. Chenjerani ndi zosakaniza zolembedwa chicken spice, barbecue spice kapena steak and chops, zimene zimaoneka zofiira chifukwa cha paprika koma zambiri mwa izo zili ndi mchere wochuluka. Werengani mndandanda wa zimene zili mkati, chifukwa chimene chalembedwa poyamba ndicho chochuluka, ndipo kumbukirani kuti bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Mungathe kupanga chosakaniza chanu ndi paprika, ufa wa adyo, tsabola wakuda ndi coriander, mchere n'kumathira padera moyeza. Ena amamva kuti paprika ndi mankhwala chifukwa Albert Szent-Györgyi, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1937, anapeza vitamini C wochuluka mu tsabola wa ku Szeged, koma vitamini ameneyu amachepa kwambiri poumitsa ndi pophika, ndipo supuni yaing'ono ya ufawu imalemera magalamu awiri okha. A bambo apitirize kumwa mankhwala awo a kuchipatala ndi kukapimitsa monga anauzidwira.

FUNSO: Azakhali, ndili ndi kamalo kuseri kwa nyumba. Kodi ndingathe kulima ndi kupanga paprika wanga? (Bambo wa ku Diepsloot)

YANKHO: Mungathe, bambo, koma tsatirani nyengo ya kuno osati ya kwathu, chifukwa tsabola amafa ndi chisanu chimene chimagwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Fesani mu Seputembala pamalo ofunda, muwokere mu Okutobala kapena Novembala pamalo a dzuwa tsiku lonse, ndipo mupewe pamene munali tomato kapena mbatata ya kachewere chaka chatha popeza matenda ake ndi amodzi. Funani mbewu ya paprika yeniyeni, ya zipatso zazitali ndi khungu lopyapyala, chifukwa girinipepa wofiira ali ndi mnofu wamadzi ambiri ndipo amaola asanaume. Thyolani zitafiira kwathunthu, zing'ambeni, chotsani njere ndi timitsempha, ndipo muziyanike pa thandala loyera pamalo opita mphepo, kuzilowetsa m'nyumba usiku ndiponso mvula ikamabwera, kapena muziumitse mu uvuni pa madigiri 60 chitseko chili chotsekula pang'ono. Zikamathyoka mukazipinda ndiye kuti zauma. Sinjani mumtondo kapena perani pa makina, sefani, ndipo musunge m'botolo louma lotseka bwino, zotsalira pa sefa muzisinjenso kachiwiri.